Malo ongokhala m'mudzi mwanu: konzani dongosolo lake mvula isanagwe

Mukamayenda m'midzi ya kwa T/A Kaluluma mumaona malo ambiri amene sakugwira ntchito: esiteti imene inasiya kulima fodya, zigafa zakugwa, maenje oumbira njerwa pafupi ndi msika wa Nkhamenya, kapena munda umene madzi anaung'amba zigwembe. Pamene malowa akungokhala, achinyamata ambiri alibe polima ndipo amayi akuyenda mtunda wautali kukatola nkhuni. Mudzi ukapanda kugwirizana za malo otere, munthu mmodzi wamphamvu kapena wandalama ndi amene amawatenga, ndipo milandu imayambira pomwepo. Tsatirani njira zisanu izi kuti mudzi wanu ukonze dongosolo la kagwiritsidwe ntchito ka malo.

1. Dziwani kaye mwini malo

Malo angathe kukhala osalimidwa koma ali ndi mwini wake. Musanakhudze khasu, siyanitsani mitundu itatu iyi.

Tsala: uwu ndi munda wa banja umene akuugoneka kuti chonde chibwerere, kapena eni ake ali ku Jubeki. Mudzi sungaugawe popanda banjalo.

Malo a lizi: mpaka chaka cha 1990 lamulo silinkalola alimi ang'onoang'ono kulima fodya wa bale, choncho anthu ambiri kuno ku Kasungu anatsegula maesiteti pa malo a lizi. Ngakhale esiteti itamera thengo, kulowamo ndi kuyamba kulima ndi kuphwanya lamulo, ndipo mungataye mbewu, feteleza ndi thukuta lanu. Pitani ku ofesi yoona za malo kwa DC ku Kasungu mukafunse mwini liziyo, malire ake ndiponso ngati nthawi yake inatha. Ngati mwini wake alipo, gulu lingathe kukambirana naye zobwereka malo, koma mgwirizano ukhale wolembedwa, wotchula kukula kwa malo, nyengo zolima ndi malipiro.

Malo a tonse: awa ndi madambo, malo odyetsera ziweto, nkhalango ya mudzi, manda, zitsime ndi njira. Dongosolo lanu liyambire pa malo amenewa.

2. Gwiritsani ntchito komiti yoona za malo

Lamulo la malo a makolo la 2016 limati kwa gulupu aliyense kukhale komiti yoona za malo. Wapampando ndi agulupu, ndipo anthu amasankha mamembala ena asanu ndi mmodzi, mwa iwo osachepera atatu akhale amayi. Mlembi wake ndi kalaliki wa za malo. Ntchito yolembetsa malo a makolo inayesedwa koyamba m'madera ena a maboma a Kasungu, Phalombe ndi Rumphi. Ngati kwanu komitiyi kulibe, funsani agulupu ndi komiti ya chitukuko ya VDC kuti nkhaniyi ifike ku ADC ndi ku khonsolo.

3. Yendani ndi kujambula mapu

Sankhani tsiku m'chilimwe, pamene zokolola zili m'nkhokwe. Yendani mudzi wonse pamodzi: mfumu, akuluakulu odziwa malire akale, amayi, achinyamata, oweta ng'ombe ndi oyandikana nawo malire. Mukabwerera, jambulani mapu pansi pogwiritsa ntchito phulusa, miyala ndi timitengo, kenako muwakopere papepala. Amayi ndi achinyamata ayambe ajambula paokha, chifukwa pabwalo la anthu onse ena amachita manyazi kulankhula pamaso pa apongozi kapena mfumu. Malo amene pali mkangano alembeni chizindikiro ndipo muwasiye kaye. Milandu ya malo imapita ku bwalo la malo la kwa T/A, ndipo wosakhutira angathe kuchita apilo ku bwalo la malo la boma lonse.

4. Malo aliwonse apatseni ntchito yoyenera nthaka yake

Malo otsetsereka ndi a zigwembe: ikani akalozera, dzalani udzu wa vetiva ndipo tchingani zigwembe ndi miyala kapena mitengo. Musabzalepo chimanga chaka choyamba.

Malo a zitsa zophukira: musazule. Siyani mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu pa chitsa chilichonse, dulirani zina, ndipo tetezani ku moto ndi mbuzi. Njira iyi ndi yotsika mtengo kuposa nazale, ndipo malowo angakhale nkhalango ya mudzi yopezamo nkhuni ndi milimo ya zigafa.

Minda yoguga ndi fodya ndi chimanga: yambani ndi soya, mtedza kapena nandolo, ndipo dzalani msangu motalikirana mamita 10 mbali zonse.

Dambo: gawani mbali ya madimba ndi mbali ya ziweto, ndipo siyani njira yopitira ng'ombe kumadzi. Musalime mpaka m'mphepete mwa mtsinje.

Maenje a njerwa ndi malo a pamsika: kwirirani maenje amene amasunga madzi a udzudzu ndi kuika ana pachiswe. Ngati mukufuna kumangapo nyumba yosungiramo zokolola za kopaletivi, kambiranani kaye ndi khonsolo, chifukwa lamulo la mapulani la 2016 limakhudza dziko lonse, kumudzi komwe.

5. Lembani malamulo ndi kugawana phindu

Lembani amene adzagwire ntchito, masiku ake, chindapusa cha woyatsa moto kapena wolekerera ziweto, ndi kagawidwe ka nkhuni, udzu kapena ndalama. Onetsetsani kuti amayi amasiye, ana amasiye ndi achinyamata alembedwa maina awo pa mndandanda wa opindula. Werengani malamulowo pabwalo, agulupu asaine, ndipo kope lina lipite kwa T/A. Dongosololi liloweni mu pulani ya chitukuko ya mudzi kuti thandizo likabwera lipeze anthu atagwirizana kale.

Kwa inu alimi otsogolera: ntchito yanu si kugawa malo, koma kuonetsa zimene nthaka ingachite. Yambani ndi malo amodzi aang'ono opanda mkangano, ndipo itanani mlangizi wa dera lanu ku EPA ya Kaluluma adzakuthandizeni kuyeza akalozera mvula yoyamba isanagwe.