MKUTE SUCHITITSA MANYAZI

Inu anthu a ku Luwawa ndi a midzi yonse ya kumwera kwa Mzimba, tamverani nkhani iyi. Masiku ano maulendo achuluka. Wina apita ku boma la Mzimba kukaona wodwala kuchipatala, wina apita ku Jenda kukagulitsa tomato ndi anyezi, wina ali pa msewu wa M1 kudikira galimoto ya ku Mzuzu. Dzuwa likafika pamutu njala imaluma, ndipo munthu amalowa m'lesitilanti kapena kuima pa chiimilire kuti agule nsima. Pamenepo palibe choipa. Choipa chili kuseri kwa nyumba zodyeramo zimenezi, kumene kumakhala ndowa yotayiramo zotsala. Amene anasuzumirapo m'ndowa imeneyo madzulo akudziwa zimene zimapezekamo: mitanda ya nsima yonyemedwa mbali imodzi yokha, mpunga, nyemba, ndi ndiwo zamasamba zimene munthu sanazilawe n'komwe.

MWAMBO WABWINO PA MALO OSAYENERA

Kodi anthu olima okha chimanga, odziwa kuwawa kwa khasu, amayamba bwanji kutaya nsima? Chifukwa choyamba ndi mwambo. Makolo anatiphunzitsa kuti munthu wamkulu sakomba mbale. Bambo akamadya amasiyako mtanda ndi kanyama kuti ana alaweko. Mlendo nayenso amasiyako pang'ono posonyeza kuti wakhuta ndi kuti eni nyumba sanamumane. Mwambo umenewu unali wanzeru ndithu, chifukwa chotsala chilichonse chinali ndi mwini wake. Ana otsuka mbale anali kudya nkhoko za mumphika, nsima yogona inali mkute wa m'mawa kwa opita kumunda ndi abusa a ng'ombe, ndipo nyenyeswa zinali za nkhuku ndi galu. Panalibe kanthu kopita kudzala.

Koma pa lesitilanti palibe mwana wanu woti alandire mtanda umene mwasiyawo. Mwini malo sangaugulitse kwa munthu wina, ndipo saloledwa kutero. Motero ulemu umene unali kudyetsa ana kumudzi, pano ukudyetsa ntchentche.

Chifukwa chachiwiri ndi manyazi pamodzi ndi kudzionetsera. Mnyamata wagulitsa fodya kapena wabwera kumene kuchokera ku Joni, ndipo afuna anzake aone kuti m'thumba muli kanthu. Aitanitsa nkhuku, tchipisi ndi nsima pa nthawi imodzi, nasiya theka. Mayi wayenda ndi mwana wamng'ono, amugulira mbale yathunthu ya munthu wamkulu, mwanayo nadya nthongo zitatu basi. Mayiyo mumtima afuna kunyamula chotsalacho, koma aopa kuti anthu amuyesa wosauka kapena waumbombo. Atuluka chimanjamanja, ndipo madzulo ali m'minibasi mwana yemweyo ayamba kulira njala.

PA UKWATI NDI PA CHILIZA

Zomwezi zikuchitikanso pa maphwando a kumudzi. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, pamene nkhokwe zili zodzaza, ndi nyengo ya maukwati, ya kumanga ziliza ndi ya misonkhano ya mipingo. Eni phwando amaopa kunenedwa kuti anamana anthu, choncho amaphika osawerenga. Ogawa amadzaza mbale ya mwana chimodzimodzi ndi ya mkulu. Phwando likatha, mabeseni a nsima ndi mpunga amagona panja osavundikira, ndipo kukacha zasasa.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Tinene kuti pa ukwati pabwera anthu 300, ndipo aliyense wasiya mtanda umodzi. Imeneyo ndi mitanda 300. Banja la anthu 6, aliyense akamadya mitanda iwiri masana ndi iwiri madzulo, limatha mitanda 24 pa tsiku. Ndiye kuti nsima yotayidwa pa ukwati umodzi wokhawo ikanadyetsa banja limenelo masiku 12. Masiku 12 ndi ambiri m'mwezi wa Febuluwale, pamene chimanga chili chachiwisi m'munda ndipo nkhokwe yangotsala zitsononkho.

Kumbukiraninso njira imene mtanda umodzi wayenda kuti ufike m'mbale. Munthu anasosa, anaunga mizere, anabzala, anapalira, anagula feteleza pa mtengo wowawa, anabandira, anakolola. Mayi anakonola, anaviika mphale, anayanika, analipira kuchigayo, anatunga madzi ndi kutola nkhuni. Kuno kwathu mvula ya dzinja imabwera kamodzi pa chaka. Wotaya nsima wataya thukuta la chaka chathunthu.

NJALA SIIWALA NJIRA

Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. M'chaka cha 1949 njala yoopsa inagwa kumwera kwa dziko lino, makamaka m'boma la Blantyre, ndipo anthu anafa. M'chaka cha 2002 anthu ambiri anadya gaga, mizu ndi zikhawo za nthochi, ndipo Boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala. M'mwezi wa Malichi 2024, chifukwa cha ng'amba, Boma linalengezanso za ngozi m'maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino. Ana amene ali pasukulu lero anaiona njala imeneyi ndi maso awo.

Vuto la kutaya chakudya si la kuno kokha ayi. Bungwe la United Nations linawerengera kuti m'chaka cha 2022 dziko lonse lapansi linataya chakudya chopitirira matani 1 biliyoni, ndipo mwa magawo 100 alionse a chakudya chotayikacho, magawo 28 anatayika m'malo odyera ndipo 60 m'makomo. N'chifukwa chake kuyambira 2020 tsiku la 29 Sepitembala linapatulidwa kuti anthu azikumbutsana za nkhaniyi. Ku China, m'chaka cha 2021, anakhazikitsa lamulo lolola eni malo odyera kulipiritsa munthu amene waitanitsa zambiri n'kuzisiya. Ku France, kuyambira chaka chomwecho, mwini lesitilanti ayenera kupereka chotengera kwa aliyense wofuna kunyamula chakudya chake chotsala. Ngati anthu a m'maiko olemera amatuluka m'hotela atanyamula kaphukusi ka zotsala, ife tichitirenji manyazi? Ndipo inu owerenga Baibulo mukukumbukira kuti pa Yohane mutu 6, anthu 5,000 atadya nakhuta, makombo anatoledwa nadzaza mitanga 12.

ZOYENERA KUCHITA

Kwa inu a paulendo:

1. Musanalipire funsani kukula kwa mbale. Ngati mitanda itatu ikuchulukirani, nenani kuti akuikireni iwiri.

2. Mwana wamng'ono adye m'mbale yanu. Akapanda kukhuta mukhoza kuonjezera, koma chimene chaikidwa kale m'mbale sichibwerera mumphika.

3. Ponyamuka kunyumba ikani m'chikwama bakuli kapena kontena yotsuka bwino, yokhala ndi chivundikiro. Chakudya chimene mwalipira ndi chanu. Chinyamuleni.

Kwa inu eni malo odyera: gulitsani mbale yaikulu ndi yaing'ono pa mitengo yosiyana, ndipo mufunse munthu ngati afuna masamba kapena nyemba musanamuikire. Ufa umene mwapulumutsa ndi phindu lanu lomwe.

Kwa inu eni maphwando ndi a komiti ya zophika: werengani anthu musanayeze ufa. Phikani nsima pang'onopang'ono, mphika wina ukatha muteleke wina, popeza ufa wouma umadikira koma nsima yophika sidikira. Chimene chatsala mumphika chigawidwe tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe: kwa okalamba amene sanathe kufika, kwa odwala, kwa ana amasiye ndi kwa alendo a kutali kuti akhale ndi kamba wa panjira. Paja kupatsa ndi kuika. Mafumu ndi akulu a mipingo athandize ponena poyera kuti banja lophika moyenera silinachite chamanyazi.

CHENJERANI NDI MATENDA

Kusunga chakudya kufuna ukhondo. Tisaiwale kolera ya 2022 ndi 2023 imene inapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno. A zaumoyo amalangiza kuti chakudya chophika chisakhale nthawi yaitali chitazizira pa malo ofunda, ndipo ngati n'kotheka chisapitirire maola awiri chisanadyedwe kapena kutenthetsedwa. Ku Luwawa kumazizira, koma musadalire mphepo ya m'mapaini, makamaka m'mwezi wa Okutobala pamene nyemba, mpunga ndi nyama zimasasa msanga.

Choncho vundikirani chotsala nthawi yomweyo kuti ntchentche zisaterepo. Ndiwo zogona muziwiritse kufikira zitabwata ponseponse, osati kungofunditsa. Mkute muuotche pa makala mpaka utenthe ndi mkati momwe, kapena muuphwanye m'madzi ndi kuuwiritsa ukhale phala la ana. Anzathu a ku Zimbabwe amapanga mahewu ndi nsima yotsala. Nanunso mukhoza kuiwiritsa, ikapola n'kuthiramo chimera cha mawere kuti mupeze thobwa, limene kuno timati chindongwa, la anthu ogwira ntchito kumunda. Sambani m'manja ndi sopo musanagwire chakudya. Chimene chayamba kununkha, kutuluka thovu kapena kunanda musadye, ndipo musapatse mwana.

Makombo a m'mbale za anthu ambiri, amene manja osiyanasiyana apisamo, si oyenera kupatsa munthu. Amenewo ndi a ziweto. Koma inu oweta nkhumba amene mumakatenga zotsala ku malesitilanti, muziyamba mwaziwiritsa kwambiri, chifukwa matenda a chigodola amatha kulowa m'khola kudzera m'makombo okhala ndi nyama ya nkhumba. Zimene ngakhale ziweto sizingadye zipite m'dzenje la manyowa, zikabwerere kumunda kumene zinachokera.

MAU OTSIRIZA

Mwambo wosiyira ana chakudya tisautaye, koma tiutsate mpaka pamapeto pake: chotsalacho chikafikedi kwa mwanayo. Bambo amene wabwera kuchokera ku Jenda ndi ntchafu ya nkhuku m'bakuli wachita za ulemu kuposa amene waisiya patebulo kuti alendo amutame. Inu amene mwawerenga nkhaniyi, kawerengereniko anzanu amene sadziwa kuwerenga, ndipo mukaikambirane pabwalo la mfumu nyengo ya maukwati isanafike.