Zilombo za m'Mabuku a Ana Aang'ono

Pamene aphunzitsi ndi makolo akusankhira ana aang'ono mabuku, kaŵirikaŵiri pamabuka kusiyana maganizo. Buku lonena za mbuzi, khasu ndi chitsime palibe amene amalikana, pakuti phindu lake lili poyera. Koma likakhala buku limene nkhalango imamera m'chipinda chogona, kapena chilombo chimafika pakhomo kudzapempha tiyi, ena amapukusa mitu. Amati limeneli ndi bodza lamkunkhuniza, lingomulotetsa mwana zoopsa usiku, ndipo pa mayeso silidzamuthandiza kanthu. Ine ndiyesa kuti anzathu oganiza chotereŵa aphonya. Choncho m'nkhani ino nditchula mabuku angapo a zithunzi amene mphunzitsi, kapena wachinyamata amene watsiriza sukulu ndipo akulera azing'ono ake pakhomo, angachite bwino kuwafunafuna.

Tiyambe ndi kukumbukira kuti zinthu zosatheka si zachilendo kwa mwana wa kuno kwathu. Agogo akati "Padangokhala", ana n'kuvomera kuti "Tili tonse", pomwepo Kalulu amayamba kulankhula, mbalame imaimba nyimbo youlula munthu amene wapha mbale wake, ndipo chimphona chimameza mudzi wathunthu ndi nkhuku zomwe. Komabe palibe mwana amene anadzukapo m'maŵa mwake kupita kutchire kukafunsa kalulu nzeru. Mawu oyambira nthano aja ali ngati chitseko. Mwana amadziŵa kuti waloŵa kwina, ndi kuti nthano ikatha atuluka n'kukagona pamphasa pake. Chikuto cha buku la zithunzi chimagwira ntchito yomweyo. Tsono muyeso wanga posankha mabuku otere ndi uwu: kodi bukulo limamutengera mwana kutali mokwanira, nanga limamubweza kwawo bwinobwino?

Buku limene limakwanitsa muyeso umenewu koposa ena onse ndi Where the Wild Things Are, lolembedwa ndi kujambulidwa ndi Maurice Sendak wa ku Brooklyn, mumzinda wa New York. Linatuluka m'chaka cha 1963, ndipo mu 1964 linalandira mphotho ya Caldecott, imene oyang'anira malaibulale a ku America amapereka chaka ndi chaka kwa wojambula buku la ana lopambana. Mawu ake onse ndi 338 okha, osakwana masamba aŵiri a kope la kusukulu. Nkhani yake ndi ya mnyamata wamng'ono dzina lake Max, amene tsiku lina madzulo avala chovala chonga m'mbulu n'kuyamba kupulupudza m'nyumba, mpaka kuthamangitsa galu ndi foloko. Amai ake atamudzudzula iye awayankha mwano, ndipo amutumiza kukagona osadya. Ali m'chipindamo mitengo iyamba kumera, zipupa zisoŵa, nyanja ifika ndi bwato, ndipo Max ayenda pamadzi ulendo wautali kufikira ku dziko la zilombo za nyanga, mano ndi zikhadabo zoopsa. Azigonjetsa pongoziyang'ana m'maso osaphethira. Zimulonga ufumu, avina nazo mpaka kutopa, kenaka iye azilamula kuti zikagone osadya, monga momwe amai ake anamchitira. Pamenepo asungulumwa, amva fungo la chakudya kuchokera kutali, ndipo ausiya ufumuwo n'kubwerera. M'chipinda mwake apeza mgonero ukumudikira, usanazizire.

Chimene chimalipambanitsa bukuli sichili m'mawu okha ayi. Chithunzi choyamba n'chaching'ono, chozingidwa ndi pepala loyera mbali zonse, monga mwana wopanikizidwa ndi malamulo a m'nyumba. Mkwiyo wa Max ukamakula chithunzi nacho chimakula, tsamba ndi tsamba, kufikira pa gule wa zilombo pamene masamba 6 otsatizana ali ndi zithunzi zokhazokha, opanda liwu ndi limodzi lomwe. Pobwerera zithunzi zimayambanso kuchepa, ndipo tsamba lomaliza, lonena za mgonero uja, lilibe chithunzi. Amai ake a Max sitiwaona pena paliponse m'buku lonseli. Timangoona chakudya chimene asiya pathebulo. Mwana wa zaka zinayi, amene sadziŵa ngakhale chilembo chimodzi, amamva bwino lomwe tanthauzo la chakudyacho: wakalipiridwa, koma sanatayidwe.

Otsutsa a kuno kwathu asadziyese oyamba. Bukuli litangotuluka akuluakulu ambiri a ku America analiyesa loopsa kwa ana, ndipo mu 1969 Bruno Bettelheim, katswiri wotchuka pa za maganizo a ana, analidzudzula poyera chifukwa cha chilango chomana mwana chakudya. Ana eni ake ndiwo analipulumutsa pomalibwereka kosaleka. Sendak, amene anamwalira mu 2012, anafotokoza kuti poyamba ankafuna kujambula akavalo olusa, koma ataona kuti akavalo akumukanika anajambula achibale ake, Ayuda ochokera ku Poland, amene ankabwera kudzacheza kwawo iye ali mwana, namutsina masaya ndi kumuyandikizira nkhope zawo zikuluzikulu. Ndani mwa ife amene sanabisalepo kuseri kwa nkhokwe poona azakhali a mawu aakulu akuloŵa m'mudzi ndi mtanga pamutu? Mantha ndi mkwiyo sizichokera m'buku. Mwana ali nazo kale, koma alibe mawu ozitchulira. Buku lotere limazipatsa nkhope, kotero kuti mwana akhoza kuziyang'ana m'maso monga anachitira Max.

Lina lokalamba kuposa limeneli ndi Harold and the Purple Crayon la Crockett Johnson, la m'chaka cha 1955. M'buku limeneli mulibe dziko lokonzedwa kale. Muli kamwana ndi cholembera cha utoto wofiirira, ndi pepala loyera basi. Harold afuna kuyenda pa kuŵala kwa mwezi, koma mwezi palibe, tsono aujambula. Ajambula njira, mtengo wa zipatso, ndi chinjoka choti chilondere mtengowo. Chinjoka chimene wajambula yekhacho chimuopsa, dzanja linjenjemera, mzere ukhotakhota n'kusanduka mafunde, ndipo akanamira akanapanda kujambula bwato msanga. Potsiriza asoŵa njira ya kwawo, kufikira atakumbukira kuti zenera la chipinda chake limazungulira mwezi. Alijambula, ajambula ndi bedi, n'kugona. Ife aphunzitsi a ku sekondale bukuli liyenera kutikhudza. Tikapereka chimangirizo cha mutu wakuti "Tsiku Limene Sindidzaiŵala" kwa a Fomu 1, makope ambiri amabwera ndi nkhani imodzimodzi, yoyamba ndi kusamba m'maŵa ndi kutsiriza ndi ngozi ya galimoto. Si kuti anawo alibe nzeru. Koma wophunzira amene kuyambira ali wakhanda m'maphunziro wakhala akukopera za pabolodi zokhazokha amaliopa pepala loyera, pamene Harold amaliona ngati bwalo loseŵererapo.

Judith Kerr, amene anabadwira ku Berlin mu 1923 ndi kuthaŵa ndi makolo ake mu 1933 poopa chipani cha Hitler, anatulutsa ku London mu 1968 buku lotchedwa The Tiger Who Came to Tea. Kamtsikana Sophie ndi amai ake akumwa tiyi, ndipo pakhomo pafika kambuku wamkulu wa mizeremizere, wa mtundu wa ku Asia. Apempha mwaulemu kuti akhale nawo, nawonso amulandira mwaulemu. Iye adya zonse za pathebulo, za m'miphika ndi za m'kabati, amwa moŵa wa abambo ndi madzi onse a mumpopi, athokoza n'kumapita. M'maŵa mwake agula chitini chachikulu cha chakudya cha kambuku, koma mlendoyo sabweranso. Paja akuluakulu anati mlendo ndi mame. Ana amaseka kwambiri ulemu wa chilombocho. Komabe ndichenjeze kuti banja la Sophie, chakudya chitatha, lingovala majasi kupita kukadya ku lesitilanti. Kwa mwana amene anagonapo ndi njala yeniyeni, kutha kwa chakudya m'nyumba si nthabwala, ndipo mphunzitsi woŵerenga bukuli m'mwezi wa Febuluwale ayenera kuyamba wayang'ana nkhope za ana ake.

The Gruffalo, la Julia Donaldson ndi wojambula Axel Scheffler, la mu 1999, silidzasoŵa womasulira wa tanthauzo, chifukwa mbeŵa ya m'bukuli ndi Kalulu yemwe uja. Poopsezedwa ndi nkhandwe, kadzidzi ndi njoka, mbeŵa ipeka chilombo chimene iti ikukadya nacho, adaniwo n'kuthaŵa. Mwadzidzidzi ikumana ndi chilombo chopekacho maso ndi maso. Pamenepo iuza chilombocho kuti chiitsate pambuyo kuti chione mmene nyama zonse zimaopera mbeŵa. Nyamazo zithaŵadi, ndipo chilombo chopusacho sichizindikira kuti zikuthaŵa icho. Mlembiyo anatenga mfundoyi ku nthano yakale ya ku China. Vuto lake ndi lakuti Chingerezi chake n'chandakatulo, ndipo kukoma kwa kamvekedwe kake kumatayika tikamafotokoza m'Chicheŵa.

Pa mabuku otengedwa ku nthano za mu Africa, limene ndingaike patsogolo ndi Why Mosquitoes Buzz in People's Ears, lolembedwa ndi Verna Aardema ndi kujambulidwa ndi Leo ndi Diane Dillon. Linatuluka mu 1975 ndi kulandira mphotho ya Caldecott mu 1976. Ndi nthano ya kumadzulo kwa Africa. Udzudzu uuza buluzi wamkulu bodza, buluziyo atseka makutu ndi timitengo, nsato imene sanaiyankhe moni ichita mantha n'kuloŵa kuuna kwa kalulu, kalulu athaŵa, khwangwala achenjeza nkhalango yonse, pusi podumpha athyola nthambi imene ipha mwana wa kadzidzi. Mai wa kadzidziyo, chifukwa cha chisoni, akana kudzutsa dzuŵa, ndipo usiku sukucha. Mkango uitanitsa bwalo, mlandu n'kuyamba kufunsidwa chobwerera m'mbuyo, mboni ndi mboni, kufikira pa udzudzu. Mwana amene anaonapo a mfumu akuzenga mlandu pansi pa mtengo adzalimva msanga. Ndiponso mlembiyo anadzaza bukuli ndi mawu otsanzira kuyenda ndi kulira kwa nyama, amene ife pa malamulo a chinenero timawatcha amvekero. Apa Chicheŵa n'cholemera kuposa Chingerezi, ndipo woŵerenga asaope kuika ake: mdima uli bii, nkhalango ili zii, nthambi kuti thyo!

Mufaro's Beautiful Daughters la John Steptoe, la mu 1987, lili ndi zithunzi zokongola kwambiri, zojambulidwa potsanzira mabwinja a miyala a Great Zimbabwe pamodzi ndi mitengo ndi mbalame za dzikolo. Ndi nkhani ya ana aakazi aŵiri, Manyara wamwano ndi Nyasha wofatsa, ndi mfumu imene iwayesa podzisandutsa kanjoka, kamnyamata kanjala ndi nkhalamba. Mawu ake ndi ambiri, ndipo phunziro lake laikidwa poyera mopitirira pang'ono, moti ine ndingalisungire ana a Sitandade 3 kapena 4. Nditchulenso mongodutsa Galimoto la Karen Lynn Williams, lojambulidwa ndi Catherine Stock, la mu 1990. Mulibe chilombo kapena matsenga. Muli Kondi, mnyamata wa zaka 7 wa m'mudzi wina wa m'Malaŵi, amene atha tsiku lonse akutolera mawaya kuti apange galimoto. Ndaliika pano chifukwa Kondi aiona galimotoyo m'mutu mwake isanakhalepo, monga momwe Harold aonera mwezi pa pepala loyera.

Wina adzati mabuku onseŵa ndi a Chingerezi, ndipo mtengo wake si wa munthu wamba. N'zoona. Koma buku la zithunzi lili ndi mwaŵi umene buku la mawu okhaokha lilibe, pakuti chithunzi sichifuna mtanthauzira mawu. Wamkulu aliŵerenge yekha kaŵiri kapena katatu, aisunge nkhaniyo m'mutu, kenaka akhale pansi ndi ana, bukulo litayang'ana kwa iwo, n'kuifotokoza m'Chicheŵa monga nthano. Asathamangire kutembenuza tsamba. Ana amaona zimene wamkulu amadumpha, monga mapazi a chimodzi mwa zilombo za Sendak amene ali ngati a munthu. Pofika pa masamba opanda mawu aja, iye akhale chete, ana alankhule okha kapena adzuke avine. Ndipo akapempha buku lomwelo maŵa ndi mkuja asawakanize, chifukwa kubwereza n'kumene kumamutsimikizira mwana kuti njira yobwerera kwawo ilipobe.

Za kopeza, yambani ndi kufunsa ku nthambi ya National Library Service imene muli nayo pafupi, ndipo muwapatse oyang'anira dzina la buku pamodzi ndi la mlembi. Pa misika ya mabuku akale m'mizinda mabuku a ana amapezekanso nthaŵi zina, osakanizika ndi mabuku a sukulu, ndipo munthu wodekha pofufuza amatola zabwino. Amene ali ndi foni yoloŵa pa intaneti angayesenso African Storybook, ntchito imene bungwe la Saide la ku South Africa linakhazikitsa mu 2014. Kumeneko kuli nkhani za zithunzi zaulere m'zinenero zambiri za mu Africa, Chicheŵa chomwe, ndipo n'zololedwa kuzisindikiza pa pepala kapena kuzimasulira. Si zonse zimene zili zakupsa, choncho mphunzitsi aziŵerenge yekha poyamba asanapite nazo m'kalasi.