Magudumu a Madzi Opanga Magetsi

Tonse timaidziwa mphamvu ya madzi. Mvula ikagwa kumapiri, mitsinje yathu kuno ku Molumbo imakokolola miyala ndi mitengo. Mphamvu yomweyo ingathe kutipatsa magetsi. Madzi amazunguza gudumu lachitsulo lotchedwa tabaini. Gudumulo limazunguza jenereta, ndipo jenereta imatulutsa magetsi.

Koma mitsinje siifanana. N'chifukwa chake magudumu nawonso ndi osiyana. Tiyeni tione mitundu itatu.

Loyamba ndi gudumu la Pelton. Limafuna madzi ochepa, koma ochokera pamwamba kwambiri. Madziwo amatsika phiri m'paipi, natuluka pa kabowo kakang'ono ali ndi liwiro lalikulu. Amamenya zikho zachitsulo zimene zili m'mbali mwa gudumu, gudumu n'kumazungulira. Lester Pelton wa ku America analembetsa luso limeneli mu 1880. Magudumu otere alipo pa mtsinje wa Wovwe, ku Karonga m'dziko la Malawi.

Lachiwiri ndi gudumu la Francis. Limafuna madzi ambiri ochokera pamwamba ndithu, monga pa damu. Limakhala m'chigoba chonga cha nkhono. Madzi amalowa mbali zonse, nakankha mapiko ake, natulukira pakati. Damu la Cahora Bassa pa Zambezi, limene linamalizidwa mu 1974, lili ndi magudumu 5 a mtundu umenewu.

Lachitatu ndi gudumu la Kaplan. Limafuna madzi ochuluka zedi, ngakhale akugwa pafupi. Limaoneka ngati mapiko a injini ya boti. Mapikowo amatha kupendeketsedwa madzi akachuluka kapena akachepa.

Tsono anthu akafuna magetsi a pa mtsinje wawo, amayamba ayeza zinthu ziwiri: kutalika kwa pamene madzi akugwera, ndi kuchuluka kwa madziwo. Kuchulukaku amayeza mu Okutobala, mtsinje utaphwa. Akayeza m'dzinja amanyengeka, ndipo gudumu limadzaima m'chilimwe.

Ifenso tili ndi mbali yathu. Tikadula mitengo kumene mtsinje umayambira, madzi amachepa m'chilimwe. Tikalima m'mphepete mwa mtsinje, mchenga umalowa m'madzi n'kumadya mapiko a gudumu. Tisamale mitsinje yathu.

Mafunso
1. Kodi gudumu la Pelton limafuna madzi otani?
2. Chifukwa chiyani madzi amayezedwa mu Okutobala?
3. Kodi mtsinje wa kwanu ungayenere gudumu liti?