Woyang'anira nyumba za lendi: ntchito yake sithera pa kutolera ndalama

Pa mapuloti ambiri a ku Balaka, Mponela, Luchenza ngakhalenso ku Kasungu, mwini nyumba ndi munthu amene matenanti amangomumvera mbiri. Ena ali ku Joni, ena ali pantchito ku Lilongwe, pomwe ena adatisiya ndipo nyumbazo zidatsala m'manja mwa ana awo. Amene amaoneka pakhomopo tsiku ndi tsiku ndi woyang'anira, munthu yemwe ambiri amamukumbukira mwezi ukamatha basi.

Koma ntchito yake imayamba m'mamawa. Amazungulira puloti yonse kuona ngati mpopi ukudontha, ngati chimbudzi ndi bafa zakolopedwa, komanso ngati dzala ladzadza. Pamene mabanja asanu kapena asanu ndi limodzi akugwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi, iye ndiye amakonza ndondomeko ya masiku okolopa ndi kuonetsetsa kuti palibe akuzemba. Nkhaniyi si yamasewera. Kolera amene adabuka m'dziko muno mu 2022 ndi kupitirira mpaka 2023 adapha anthu oposa 1,700, ndipo matendawa amafala msanga pamene pali uve ndi madzi oipa.

Mutu wina ndi wa magetsi ndi madzi. Mita ya ESCOM ikakhala imodzi pa nyumba zingapo, mayunitsi akatha usiku aliyense amaloza mnzake chala. Wa babu limodzi ndi wailesi safuna kusonkha mofanana ndi wa firiji ndi mbaula yamagetsi. Woyang'anira wanzeru amakhala pansi ndi matenanti onse, kuwerengera zipangizo za m'nyumba iliyonse, n'kugwirizana zoti aliyense azipereka zingati. Bilu ya madzi nayo amayenera kuilondola, chifukwa mmodzi akachedwetsa chopereka chake a Water Board akadula madzi, ovutika ndi onse, kuphatikizapo ana.

Miyezi ya Seputembala ndi Okutobala ndi yokwera padenga. Malata obooka, misomali yozuka ndi mitengo yodyedwa ndi chiswe zimafunika kukonzedwa mvula isanagwe, nayo ngalande ya madzi kuitsegula. Namondwe wa Freddy, yemwe adasakaza chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, adaonetsa zomwe madzi amachita akapeza khoma lofooka. Apa woyang'anira amaimbira foni mwini nyumba, kufunafuna kalipentala kapena pulambala, kukambirana mtengo ndi kuima pomwepo mpaka ntchito itatha.

Tsono pofika pa lendi mpamene pamaoneka mtima wa munthu. Tenanti wina malipiro achedwa, wina geni yagwa, wina ali ndi maliro kumudzi. Kumbali inayo mwini nyumba akufuna ndalama yake pa Airtel Money kapena Mpamba tsiku lomwelo, mwina ya fizi ya mwana. Woyang'anira amakhala pakati ngati chikuni chopsa mbali zonse. Kuchotsa chitseko kapena kutaya katundu wa tenanti panja, monga amachitira ena, kumangoonjezera mlandu. Njira yabwino ndi kukambirana, kupereka notisi yolembedwa, ndipo zikakanika kukatula nkhaniyo kwa mfumu ya m'deralo kapena kukhoti.

Chida chachikulu pa ntchitoyi ndi kope ndi cholembera. Mabungwe akuluakulu monga Malawi Housing Corporation, yomwe idakhazikitsidwa mu 1964 ndipo ili ndi nyumba ku Nkolokosa mu mzinda wa Blantyre ndi ku Area 18 ku Lilongwe, salowetsa munthu m'nyumba popanda kusainirana mgwirizano. Pa mapuloti ang'onoang'ono ambiri amangogwirizana pakamwa, ndipo mikangano imabuka tsiku lotuluka: galasi ili lidasweka liti, nanga miyezi iwiri yolipiriratu ija idapita kuti?

N'chifukwa chake banja lomwe likulowa m'nyumba yatsopano liyenera kuyendera chipinda chilichonse pamodzi ndi woyang'anira, kulemba zonse zoonongeka, ndi kulandira lisiti pa ndalama iliyonse yomwe lapereka. Naye mwini nyumba asaiwale kuti munthu amene wamusiyira makiyi ali pantchito ndipo ayenera kulipidwa moyenera, chifukwa wosunga chuma cha mnzake ali ndi njala sachedwa kuyesedwa.