Gitala yobangula ngati mkango: chinsinsi chili pa batire

Mnyamata wa ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, wozolowera banjo ya chigubu, akamva gitala ya Metallica ikubangula pa foni amadabwa: mkokomo wotere ukuchokera kuti?

Umayambira pa kachipangizo kotchedwa pickup, kokhala kunsi kwa nsambo. M'kati mwake muli maginito ndi waya wokulungiza. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera, iko kamatumiza mphamvu ya magetsi ku ampulifaya. Nsambo ya nayiloni, monga chingwe cha mbedza, sikaimva.

Kampani ya EMG, imene idayamba mu 1976 ku California, idatchuka ndi ma pickup oyendera batire la mavoti 9. Kirk Hammett wa Metallica adadziwika ndi mtundu wa EMG 81.

Apa oimba amagawikana. Ena amati mawu ake ndi amphamvu, akuthwa, opanda kulira kwa "hmm" kosokoneza nyimbo. Ena amadandaula kuti magitala onse amamveka mofanana, ngati nsima yopanda ndiwo. Kumbukiraninso kuti m'zaka za m'ma 1970, Paul Ngozi wa ku Zambia ankabangulitsa gitala m'nyimbo za Chinyanja zipangizozi zisanafale.

Kwa banja la kunyanja lofuna kugulira mwana gitala yakaunjika, nkhani yagona pa batire. Likafooka, mawu amasasa kenaka n'kuzimiratu, mwina pakati pa ukwati. Choncho musanapereke ndalama za matemba, yang'anani kumbuyo kwa gitala ngati kuli malo a batire. Ngati alipo, mwanayo azizula chingwe akamaliza kuimba, chifukwa chikangokhala chololowetsedwa batire limapitiriza kutha.