Mtengo wa Kukonza Mjigo Mwadzidzidzi

M'midzi ya kwa Chadza ndi kwa Chiseka, kuchokera ku Nathenje mpaka ku Mitundu ndi kutsikira ku mtsinje wa Diamphwe, mabanja ochuluka amadalira mjigo pa madzi akumwa, ophikira ndi osamba. Mjigo ukafa, a mfumu amaitanitsa msonkhano, a komiti amayenda khomo ndi khomo kusonkhetsa ndalama, ndipo anthu amafunsana kuti kachipangizo kamodzi kangadye bwanji ndalama zonsezo. Zoona zake n'zakuti ndalama zambiri zimapita chifukwa chakuti mudziwo wadzidzimuka, osati chifukwa cha chimene chathyokacho.

Mijigo yambiri m'dera limeneli ndi ya mtundu wa Afridev. Ntchito yopanga mjigo umenewu idayambira m'Malaŵi muno m'chaka cha 1981, ndipo poyamba unkatchedwa Maldev. Adauyesa m'chigwa cha Livulezi ku Ntcheu, kenaka akatswiri adakaumalizira ku Kenya. Cholinga chao chidali chakuti anthu a m'mudzi azitha kuukonza okha, osadikira galimoto la boma. N'chifukwa chake sipanala imodzi imamasula pamutu pake, ndipo ndodo zachitsulo, pamodzi ndi zipangizo za pansi pa madzi, zimatulutsidwa ndi manja popanda kuzula mapaipi.

Akatswiri aja adaikamo dala tizipangizo tina toti tizitha msanga, kuti zitsulo zodula zitetezeke. Pamene mkono wa mjigo umayendera pali mabushi 4 apulasitiki. Pa ndodo iliyonse pali kamphira koletsa ndodoyo kukhula paipi. Pansi, m'silinda, muli mphira yokweza madzi yotchedwa U-seal, ndi mabobini aŵiri amene amatseka ndi kutsekula njira ya madzi. Zonsezi zikhoza kukwana m'kathumba kamodzi, mtengo wake ndi wochepa, ndipo malangizo amati zizisinthidwa chaka ndi chaka zisanatheretu.

Zikapanda kusinthidwa, kuonongeka kumafalikira. Mabushi akatha, mkono umayamba kugwedera ndi kulira. Anthu akapitiriza kupopa, chitsulo chimadya chitsulo chinzake, mpaka mapini ndi mutu womwe zimaonongeka. Timphira ta pa ndodo tikatha, ndodo imakhula paipi yapulasitiki mpaka kuiboola. Apa a komiti sangathenso kanthu, pakuti mapaipi a Afridev ndi omatidwa ndi guluu: ayenera kuzulidwa, kudulidwa ndi kumatidwanso. Ndodo ikaduka kapena paipi ikagwera pansi, pamafunika mmisiri wa mijigo wodziŵa kuŵedza zitsulo m'dzenje lakuya, pakuti mjigo wa mtunduwu umatha kukoka madzi kuchokera pa mamita 45.

Pa mtengo wa zipangizo zatsopanozo pamaonjezereka ndalama zina. Mmisiri amabwera kaŵiri, koyamba kudzaona vuto, kachiŵiri kudzakonza, ndipo ulendo uliwonse ndi wolipira. Paipi kapena pini ikasoŵa m'sitolo za pa Mitundu ndi pa Nathenje, wina ayenera kukwera kabaza ndi minibasi kupita ku Lilongwe. Munthu wogula mothamanga sanenerera mtengo, ndipo alibe nthaŵi yosiyanitsa chipangizo chenicheni ndi chachinyengo chimene chidzatha m'miyezi yoŵerengeka.

Nyengo nayo imakweza mtengo. Boma lidakonza kuti mjigo umodzi uzithandiza anthu 250, koma m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, zitsime za m'madambo zikaphwa, midzi yoyandikana nayo imakhamukira pa mjigo womwewo, ndipo umapopedwa kuyambira mbandakucha mpaka usiku. Mjigo wotopa umagonja pa nthaŵi imeneyi, pamene khobidi lililonse likupita ku feteleza ndi mbeu. Ukafa m'Januwale kapena m'Febuluwale, pamene nkhokwe zili pululu, msonkho umatenga masabata, mwina miyezi. Komanso zipangizo zambiri zimachokera kunja, makamaka ku India. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 m'Meyi 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 m'Novembala 2023, mitengo ya katundu wakunja idakwera, ndipo ndalama zosungidwa m'mabokosi a makomiti zidachepa mphamvu.

Mtengo woposa yonse sulembedwa m'buku la msungichuma. Masiku amene mjigo wagona, amayi ndi atsikana amabwerera ku mtsinje ndi ku zitsime zosatetezedwa, kumene ziŵeto zimamweranso. Mtunda umatalika, atsikana amachedwa ku sukulu, ntchito ya kumunda ndi kudimba imaima. Matenda otsekula m'mimba amaloŵa m'mudzi, ndipo nkhuni zoŵiritsira madzi ndi ulendo wa ku chipatala zimafunanso ndalama. Kolera imene idabuka ku Machinga m'Malichi 2022 idapha anthu oposa 1,700 m'dziko lonse, ndipo boma la Lilongwe lidali m'gulu la maboma amene adavutika kwambiri, kotero kuti m'Januwale 2023 sukulu za mumzinda wa Lilongwe ndi wa Blantyre zidachedwa kutsekulidwa.

Mjigo sufa osapereka chizindikiro. Ngati m'maŵa munthu woyamba akupopa nthaŵi yaitali madzi asanatuluke, ndiye kuti bobini yapansi ikudontha kapena paipi yabooka. Mjigo wabwino ukapopedwa mokwanira ka 40 umapereka malita pafupifupi 16. Ndowa ikatsala patali kudzaza, U-seal yatha. Mkono ukamagwedera cham'mbali, mabushi apita. Wosamalira mjigo amene amayang'ana zimenezi sabata ndi sabata, namanga mabauti omasuka, amapulumutsa mudzi ku ngongole.

Akuluakulu adati pang'ono-pang'ono ndi mtolo. Komiti yanzeru imasonkhetsa kangachepe mwezi ndi mwezi, ndipo imalimbikira kwambiri kuyambira Epulo mpaka Julaye, pamene fodya, soya ndi mtedza zikugulitsidwa. Ndalamazo siziyenera kugona m'bokosi, koma zigulidwire zipangizo pomwepo, ndi kusungidwa pamalo ouma. Mwezi wa Ogasiti kapena Seputembala, chilimwe chisanafike pachimake, mjigo utsekulidwe tsiku limodzi, mmisiri ali pomwepo, ndipo tizipangizo tonse totha msanga tisinthidwe. Msungichuma aŵerenge poyera zimene zidaloŵa ndi zimene zidatuluka, chifukwa anthu amaleka kusonkha akayamba kukayika kumene ndalama zao zikupita. Mudzi wochita zimenezi umakhala opanda madzi tsiku limodzi lokha pa chaka, tsiku limene wasankha wokha, mabanja onse atatungiratu dzulo lake.