Tailosi yonyezimira ingagwetse kasitomala: kuterera kwa pansi kuli ndi muyeso wake

Mvula ikayamba mu Novembala, eni magolosale, masaluni, mabutchala ndi malo odyera amathamangira kumata madenga odontha ndi kutchinga katundu. Ndi ochepa amene amaganiza za pansi pamene makasitomala amaponda. Komatu munthu wolowa ndi nsapato zonyowa pa tailosi yonyezimira sachedwa kugwa chagada, ndipo akakhala wokalamba akhoza kuthyoka fupa la m'chiuno kapena la pamkono. Ndalama za kuchipatala, mazira ndi mabotolo osweka, komanso mbiri yoti pa shopu ija pamagwetsa, zonse zimagwera mwini malo.

Ambiri amasankha matailosi poyang'ana mtundu, kuwala ndi mtengo basi. Sadziwa kuti kuterera kwa pansi kumayezedwa, ndipo nthawi zina nambala yake imalembedwa pa katoni.

Pansi pouma sipagwetsa kawirikawiri, ngakhale posalala. Vuto limadza madzi kapena mafuta akalowa pakati pa chidendene ndi pansi. Pamalo osalala ngati galasi, chidendene chimayandama pa madziwo osagwira kanthu. Pamalo okhakhala, timiyala ting'onoting'ono timaboola madziwo n'kugwira nsapato. N'chifukwa chake akatswiri amayeza pansi atathirapo madzi kapena mafuta.

Njira yoyamba ndi ya chipangizo chotchedwa pendulum, chomwe chimagwiritsidwa ntchito kwambiri ku Britain. Chili ndi mkono wachitsulo wolendewera, ndipo kunsonga kwake kuli kachidutswa ka labala koimira chidendene. Woyeza amathira madzi pansi, n'kuutaya mkonowo kuti labalayo akhule pansipo podutsa. Pansi pakakhala pogwira, mkonowo umatha mphamvu ndipo singano imaloza nambala yaikulu. Bungwe loona za chitetezo cha pantchito ku Britain la Health and Safety Executive limati nambala yoyambira 0 mpaka 24 ikutanthauza kuti pansipo ndi poopsa, 25 mpaka 35 ndi pakati, ndipo 36 kupita m'mwamba ndi pamene mwayi woterereka uli wochepa. Ubwino wa chipangizochi ndi woti chimanyamulika, choncho chimayeza pansi pomangidwa kale.

Njira yachiwiri inachokera ku Germany, ndipo ndiyo imapereka nambala zoyamba ndi R zimene zimaoneka pa makatoni ena a matailosi. Matailosi amaikidwa pa thabwa lopendekeka, amathiridwa oyilo, ndipo munthu wovala nsapato za pantchito, atamangidwa lamba womuteteza, amayendapo uku thabwalo likukwezedwa pang'onopang'ono. Akaterereka, amalemba mapendekekedwe a thabwalo. Tailosi yomwe yagwetsa munthu pakati pa madigiri 6 ndi 10 ndi R9. Ya madigiri 10 mpaka 19 ndi R10, ya 19 mpaka 27 ndi R11, ya 27 mpaka 35 ndi R12, ndipo yopitirira 35 ndi R13.

Apa ndi pamene ogula ambiri amapusitsika. R9 imamveka ngati nambala yaikulu, koma ndiyo yotsikitsitsa pa mndandandawu, chifukwa palibe R1 mpaka R8. Wogulitsa akanena kuti tailosi ya R9 siterera, akunena za malo ouma okha, monga mkati mwa shopu ya zovala. Pakhonde lofikidwa ndi mvula ndi pamalo osukusulira mitu mu saluni, ndi bwino kuyambira R11. Malamulo a pantchito a ku Germany amafuna R11 kapena R12 m'makhitchini a malo odyera, ndipo R13 kophera nyama. Tailosi yokhakhala kwambiri imavuta kukolopa chifukwa imasunga litsiro, choncho nambala yaikulu iikidwe pamene pali madzi ndi mafuta, osati m'shopu monse.

Matailosi ambiri a m'mahadiweya amafika opanda nambala iliyonse. Zikatero wogula akhoza kuyerekeza yekha mitundu iwiri kapena itatu asanalipire. Apemphe tailosi imodzi ya mtundu uliwonse, ainyowetse, aikepo nsapato ya labala ataikamo mwala kapena theka la njerwa, kenako akweze mbali imodzi pang'onopang'ono mpaka nsapatoyo itatsetsereka. Pa tailosi ya masentimita 60, kukweza masentimita 10 ndi pafupifupi madigiri 10, ndipo masentimita 20 ndi pafupifupi madigiri 19. Zotsatira zake sizingatchedwe R10 kapena R11, chifukwa nsapato yongokhala si munthu woyenda ndipo madzi si oyilo. Koma tailosi imene yagwira nsapato mpaka pamwamba kuposa zinzake ndiyo yabwino pamalo onyowa. Wokazinga tchipisi kapena mandasi ayese ndi mafuta ophikira m'malo mwa madzi.

Amene ali ndi pansi pa simenti asadzitame kuti nkhaniyi siikuwakhudza. Simenti yosalazidwa ndi chitsulo, n'kumapakidwa polishi m'mawa uliwonse, imaterera ikanyowa ngati tailosi yomweyo. Pomanga khonde kapena masitepe, mmisiri auzidwe kuti amalize ndi thabwa kapena adutsitse tsache simenti isanaume, mizere yake idutse mopingasa njira imene anthu amayendera. Potsetsereka pamafunika kukhakhala koposa pamalo athyathyathya.

Kakolopedwe nakonso kamasintha muyeso. Sopo wosatsukuluzidwa amasiya utoto woterera, ndipo chikolopa chamafuta chimangomwaza mafutawo m'khitchini monse. Ndi bwino kukolopa shopu isanatsegulidwe kapena itatsekedwa, kutsukuluza ndi madzi oyera, ndi kuumitsa ndi nsalu ina. Pakhomo paikidwe chopondera cholemera chokhala ndi labala kunsi, chachitali mokwanira kuti mapazi onse awiri apondepo. Katoni yoyala pakhomo, imene ambiri amadalira m'dzinja, ikanyowa imatsetsereka pamodzi ndi woipondayo.

Pansi pamathanso. Timiyala tija timaperepeseka ndi mapazi, makamaka pakhomo ndi patsogolo pa kauntala, kotero malo amene ankagwira chaka chatha akhoza kugwetsa chaka chino. Mwini malo azithira madzi pang'ono pamalo oterowo n'kukhula ndi nsapato atagwirira khoma, poyerekeza ndi pakona pamene anthu sapondapo.

Amene ali ndi antchito akumbukire kuti lamulo la dziko lino la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limaika udindo woteteza antchito m'manja mwa olemba ntchito, ndipo Workers' Compensation Act la 2000 limanena za chipukutamisozi kwa wovulala pantchito. Pofunsa mtengo wa katoni ya matailosi, wamalonda afunsenso nambala ya R, ndipo ikasowa apemphe madzi ndi tailosi yoyesera.